Kabolodi Kamene Kanachotsa Amalume Ntchito

Ine ndimakonza mafoni pa Dwambazi, ndipo ndikaona chinthu chowonongeka manja amandiyabwa. Mlamu wanga ali ndi kashedi ka magemu a mpira a pa TV, momwe asodzi amatayira nthawi podikira kuti mwera uleke. Makina ake anadyedwa ndi chinyezi. Kabolodi kakutsogolo, kamene kamagwira batani loyatsira ndi kulumikiza mapadi osewerera popanda waya, kanachita dzimbiri n'kufa.

Makinawo ankayakabe, koma movutikira. Pankafunika munthu wogundanitsa timawaya tiwiri mkati, kenaka n'kukhala pomwepo atagwirira zingwe za mapadi kuti zisazuke osewera akamadumphira chigoli. Ntchitoyi inagwera amalume ake a mlamu, amene anasiya usodzi atadwala sitiroko. M'mawa mlamu ankatumiza njinga kukawatenga, masana ankadyera pomwepo, ndipo osewera ankawatcha a refa. Wokoka chingwe ankalawa ukali wawo. Kunyumba palibe ankawafunsa nzeru, koma m'shedimo mawu awo anali lamulo.

Ine zimenezi zinkandinyansa. Mawaya pamtunda, mmisiri ali pakhomo pomwepo? Ndinapeza makina akufa kwa mnzanga ku Dwangwa, ndinazula kabolodi kake n'kudzakaika. Palibe anandituma. Nditadina batani, kanyali kanayaka, mapadi anagwira opanda zingwe, osewera anakuwa n'kusunthira kumbuyo kukakhala motakasuka. Ndinadzitukumula ngati finye. Amalume nawo anaombera, dzanja limene sitiroko inawasiyira likumenya pabondo.

Sabata yotsatira mlamu anasiya kutumiza njinga. Sanachite mwankhanza, anangoti akuluwo apumeko. Chikumbumtima chinandigwira, moti mpaka lero ndikamadutsa pashedipo ndimayang'ana kumbali.

Tsiku lina ndinawapeza amalumewo ali okha pakhonde akuingitsa nkhuku pampunga woyanika. Tinalonjerana, anafunsa za ana, kenaka anatsitsa mawu.

"Amisiri, kanthu munaika kaja, kamakhalitsa bwanji kasanafenso?"

Ndikanatha kuwapatsa chiyembekezo, koma matama a ntchito anandiyankhira. "Kameneko n'kolimba, amalume. Sikafa msanga ayi."

"Mwaigwira ntchito," anatero. Kenaka anafunsa ngati osewera aja amawatchulako.

Ndinati eya, tsiku lililonse. Chikhalirecho sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa za iwo.