Kugwa kwa a Botolo

Dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Aliyense ankawadziwa kuti a Botolo, chifukwa moyo wawo wonse, pasiteji ndi pa wailesi ya kanema, ntchito yawo inali imodzi: kuledzera. Sanakhalepo mwini sewero. Ankatulukira anzawo ali pakati pokambirana zachikondi, n'kudzandira, n'kubwebweta zopanda mutu, n'kugwa. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kukacha ankakumbukira chidakwacho, osati mnyamata wa suti amene anali mwini sewero.

Komatu bamboyu mowa sanaulawepo. M'botolomo munkakhala tiyi wozizira, wowathirira akazi awo. Mayiwa ndiwo ankasoka ndi kusita zovala za gulu lonse, ndipo chikondi chawo chinayambira pa chigamba cha pachigongono cha jekete.

Chigambacho anachisoka kambirimbiri, nthawi zonse kumanja, pakuti kugwa kwa a Botolo kunali ndi malamulo ake. Ankayeserera pabalaza atakankhira tebulo kukhoma: bondo kaye, kenako chigongono chakumanja, botolo lili m'mwamba kudzanja lamanzere.

"Chidakwa chenicheni chimalolera kuthyoka mwendo, mayi," ankatero, "koma kutaya dontho, ayi."

Tsiku lina masana akujambula, imvi zitadzaza kale m'mutu, a Botolo analowa monga mwa masiku onse. Lilime linalemera, pakamwa panapotokera mbali imodzi, mwendo n'kumakwakwaza pansi. Wojambula anadziluma mlomo kuti kamera isagwedezeke ndi phwete. Kenako bambo aja anagwa, khu! Botolo linagubuduzika, tiyi n'kumayenderera pasimenti.

"Eya! Lero ndiye mwaposa kale, achikulire!" anafuula wotsogolera sewero, onse n'kuwomba m'manja.

Mayi aja anali pakona ndi simbi yositira. Nkhope sanaione bwino. Anaona tiyi wotayika uja, ndipo pomwepo anafuula:

"Zimitsani zimenezo! Bweretsani galimoto! Amuna anga sataya botolo!"

Kuchipatala adokotala anati ndi sitiroko, yawagwira mbali yakumanzere, ndipo akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Moyo unapulumuka, koma munthu wake anazima. Anzawo a sewero ankabwera ndi nkhope zamanyazi, kulankhula motsitsa ngati m'nyumba muli khanda. Akachoka, a Botolo ankatembenukira kukhoma. Mayi aja ankaopa kwambiri kuti abwerera kunyumba ndi thupi lokha, amuna awo atatsala pasimenti paja.

M'mawa wina, namwino atawaimiritsa kuti aphunzirenso kuyenda, anatambasula dzanja lamanja n'kutola botolo la madzi pakabati. Analikweza m'mwamba, nayamba ulendo wopita kwa akazi awo, uku n'kupendamira kubedi, uku n'kupendamira kukhoma. Mayiwo misozi inangoti mbwee.

"Aa, mayi," anatero ndi lilime lolemera lija, "zaka zonsezi ndimadzandira mwabodza, anthu n'kumaseka. Lero ndadzandira zenizeni, inu mukulira? Ndiye kuti ntchito yandikanika?"

"Simunataye dontho, bambo."

"Nanga! Tangosintha dzanja basi."

Mayi aja anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, mpaka odwala a pabedi loyandikana anadzutsa mitu. Atafika kunyumba madzulo ake anatulutsa jekete lija m'kabati, n'kuyamba kusoka chigamba kumanzere.