Mkamwini Mmodzi, Agalu Awiri

Alamu anga a Aroni anali munthu woti ukawatuma kukapala moto m'mawa, nkhuni zako ziyaka madzulo. Osati ulesi ayi. Ankaima panjira n'kumatsatira linthumbu kuti aone kumene likupita, kapena kufunsa wosula makasu chifukwa chake chitsulo chimafiira. Anachokera kwa Kasakula, kumapiri a Ntchisi, n'kudzakwatira mkulu wanga Susana m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Mvera. Ine Lidia panthawiyo n'kuti ndili kale ndi ana awiri pakhomo panga, ndiye izi sindinachite kumva kwa munthu.

Chidwi chawocho anapita nacho mpaka kunkhondo ya Jeremani, kumene anasenza katundu wa asilikali ngati mtengatenga zaka ziwiri. Anzawo anabwerako ndi nkhani za njala ndi maliro. Iwo anabwerako ndi nkhani ya galu wa msilikali wachizungu, amene ankati akamuuza kuti khala, amakhaladi.

"Mlamu, galu amamvatu chinenero," ankatero. "Ife timangomuponya miyala, ndiye angatiyankhe bwanji?"

"Inu alamu, anzanu akuweta ng'ombe, inu mukuweta utitiri," ndinkawayankha ine, poti mlamu wako ndi wako womuseka.

Anali ndi agalu awiri. Wamwamuna anali Lipenga, wakuda, wofatsa ngati mwana wa m'busa, koma pothamangitsa anyani kumunda analibe mnzake. Wamkazi anali Dekhani, wofiirira, khutu limodzi long'ambika ndi nguluwe. Dzina lokhalo ndilo linali lodekha. Galu ameneyo sankafuna dzanja la munthu aliyense kupatula la mwini wake, ndipo nsalu yanga ya Lamulungu inatha ndi mano ake.

Tsono kuti nkhaniyi imveke, mudziwe za amayi athu, a Nankhoma. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Tinali Akhristu, tinkaimba nyimbo zonse za ku mishoni ya Mvera, koma mwambo uwu sunasunthe. Zaka zisanu ndi zinayi a Aroni anakhala pamudzi pathu, kufolera nkhokwe ya amayi, kuwalimira munda, koma osapatsana ngakhale moni. Mawu onse ankadzera mwa Susana kapena mwa ine. Ndipo amayi ankadana ndi agalu poyera. Akaona Dekhani pafupi ndi mtondo, ankanyamula chipande n'kukuwa, "Chotsani chinthu chanuchi!"

Chaka chimenecho, nkhondo itatha zaka zingapo, minda yathu inali itachita malire ndi munda wa fodya wa mzungu wina. Tinkamutchula Bwana Kambalame chifukwa ankayenda atalozetsa magalasi oonera kutali m'mitengo kusaka mbalame. Mkazi wake, a Dona, ankaweta nkhosa, ndipo agalu a kumudzi anapha zitatu. Kapitawo wa pamundapo, a Isake, anabwera kudzalengeza. Bwana wati pakhale chionetsero cha agalu monga amachitira kwawo. Galu amene ayende bwino pachingwe, kuima akauzidwa, ndi kulola kuti amuone m'kamwa, amumangirira kachitsulo ka mkuwa pakhosi. Wopanda kachitsuloko akangopezeka dera limenelo, mfuti.

Anthu anadandaula, koma alamu anga maso anawala. Chionetsero cha agalu! Amaonamo chiyani mwa galu? Anakakhala kuseri kwa khitchini ya Bwana masiku atatu akufunsa wophika wake. Anabwerako akudziwa zonse: amaona mano, makutu, kaimidwe ka mchira ndi kayendedwe. Anapota zingwe ziwiri za luzi, n'kumayendetsa agalu ake kuzungulira nkhokwe m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina anawasambitsa kumtsinje ndi phulusa, mudzi wonse ukuonerera. Kalanga ine, manyazi amene ndinachita tsiku lija!

Tsiku la chionetsero linafika m'nyengo ya chizimalupsa, kunja kukutentha ngati pamoto. Susana anali m'chikuta ndi khanda la masiku anayi, choncho sanapite. A Aroni analawirira, n'kukafika a Isake asanatsuke n'komwe m'kamwa. Analembetsa Lipenga woyamba papepala la agalu aamuna, Dekhani woyamba papepala la aakazi. Ankati akayamba ndiwo, apeza mpata woonerera ena onse bwinobwino. Dongosolo linali lakuti aamuna m'mawa, aakazi masana. Ine ndinafika pambuyo pamodzi ndi amayi, amene anati akufuna kudzaona misala ya anthu ndi maso awo. Anakakhala pansi pa mtengo wa msuku, kumbali, atafulatira kumene kunali mkamwini wawo.

Koma kumwamba kunali ndi zake. Dzuwa lisanakwere kwenikweni, mitambo inayamba kuda kuchokera ku Ntchisi. Azungu anzake a Bwana anali atabwera pagalimoto, ndipo panjira pawo panali mtsinje wopanda mlatho. Ananong'onezana, kenaka a Isake anakwera pachulu n'kukuwa kuti zasintha. Agalu aamuna akaonedwa ndi Bwana pabwalo la kuchigafa cha fodya, aakazi akaonedwa ndi a Dona pabwalo la kukhola la nkhosa. Zonse nthawi imodzi, belu likangolira. Dzina likaitanidwa katatu osayankha, alifufuta.

Ndinaona alamu anga akuyang'ana kuchigafa, kenaka kukhola, kenaka zingwe ziwiri zili m'manja mwawo. Mabwalo awiriwo anali motalikirana moti ngakhale wothamanga ngati gwape sakanakwanitsa. Anapita kwa a Isake atagwira chipewa pamtima.

"Akapitawo, chonde, dzina limodzi muliike kumapeto."

"Pepala lapita kale kwa a Dona," anatero a Isake. "Ndikalilande? Inu munalawirira nokha, ndinakutumani ndine? Sankhani mmodzi, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."

Kusankha! Lipenga ndiye ankatiteteza chimanga, popanda iye anyani akanatigoneka ndi njala. Koma Dekhani anali galu amene anatsekereza nguluwe itagwetsa mwini wake pauzimba. Mwina mukuti akanapereka Lipenga wofatsayo kwa munthu wina. Anayesa. A Isake anati bwalo la Bwana ndi la amuna okhaokha, ndipo mwamuna aliyense wa kumudzi kwathu anali atagwira wake galu. Otsala anali alendo oopa ngakhale kuyandikira. Bwalo la a Dona lokha ndilo linkalola akazi kulowa.

"Mlamu," anatero a Aroni akundipatsa chingwe cha Dekhani, "yesa."

Ndinagwira. Galuyo anandiyang'ana, n'kukhala pansi, n'kuonetsa mano onse, aja amene a Dona ankafuna kuona. Ndinakoka, iye n'kugona chagada. Ndinamunyengerera ndi mawu okoma amene ngakhale mwamuna wanga sanawamvepo, iye n'kugwira nsalu yanga. Mtima unandipweteka, chifukwa ngakhale ndinkadana naye, sindinkafuna kuti afe ndi mfuti.

Belu linalira. Kuchigafa kunamveka, "Aroni, ndi galu Lipenga!" Kukhola nakonso, "Aroni, ndi galu Dekhani!"

Apa ndi pamene alamu anga anachita chinthu chimene ndimachionabe m'maso mpaka lero. Anatenga chingwe m'manja mwanga n'kulunjika kumtengo wa msuku. Amayi a m'mudzi anagwira pakamwa. Atatsala pang'ono kufika anatembenuka, n'kuyamba kuyenda chambuyo, kuti nkhope yawo isaonane ndi ya apongozi. Anagwada atawafulatira, n'kugwira mutu wa galu.

"Dekhani," anatero mokweza, "ine ndili ndi miyendo iwiri yokha. Pita kwa amene amakusiyira mkute kuseri kwa nkhokwe yawo m'mawa uliwonse. Chaka chino ndi chachinayi, ndakhala ndikuona mapazi ako ndi awo pamalo amodzi. Ukawapemphe kuti akupulumutse."

Ine kukamwa kunangoti yasa. Amayi? Amayi a chipande aja? Ndinawayang'ana, iwo maso ali pansi, akuthothola udzu. Kukhola anaitana kachiwiri.

Amayi anatsokomola. "Iwe galu," anatero, "ukamuuze mbuye wako kuti maso akewo adzamupweteketsa. Munthu wanji wowerenga mapazi a apongozi ake?" Anadzuka, n'kumanga nsalu molimba. "Ukamuuzenso kuti athamange, akumuitana uko. Bwera kuno iwe."

Dekhani anadumpha, mchira uli pukupuku, n'kukadzikhuza pamiyendo ya amayi ngati mphaka. A Aroni anasiya chingwe pansi osacheuka, n'kuliyatsa liwiro la kuchigafa ndi Lipenga. Anafika dzina lawo likuitanidwa kachitatu.

Ine ndinatsatira amayi, poti zimenezi ndani akanaziphonya? Analowa m'bwalo la a Dona chingwe chikukhwekhwereka pansi, chifukwa anakana kuchigwira. Anazungulira bwalo ndi kayendedwe kawo ka kutchalitchi, galu ali pambali pawo phazi ndi phazi. Ataima, naye anaima. A Dona atawerama kuti aone mano, Dekhani anayamba kung'ung'udza, ndipo ine ndinati basi zatha. Koma amayi anangoti, "Aa! Pamaso pa alendo?" Galu anakhala chete. Amayi anamutsegula kukamwa ndi manja awo, ngati akuona mwana amene akumera mano.

A Dona anafunsa kudzera mwa wotanthauzira kuti galuyo anamuphunzitsa bwanji kuyenda popanda chingwe.

"Muwauze kuti si wanga," anatero amayi. "Ine agalu ndimadana nawo."

Kachitsulo anamumangirira madontho oyamba akugwa. Lipenga nayenso analandira kake. A Aroni sanaonerere galu wina aliyense tsiku limenelo, chinthu chimene analawirira, chifukwa mvula inabalalitsa anthu onse. Tinabwerera kumudzi tili chinyowere, amayi patsogolo, mkamwini wawo kumbuyo kutali, Dekhani akuthamanga uku ndi uku pakati pawo.

Kuyambira pamenepo ine ndi Susana ntchito yonyamula mawu inatithera. Amayi ankakhala pakhonde lawo n'kumati, "Dekhani, ukamuuze mbuye wako kuti denga likudontha." A Aroni, ali kuseri kwa mpanda, ankayankha, "Dekhani, ukawauze kuti udzu ndamweta kale." Galu mwini wake ali gone padzuwa, osadziwa kuti ndi mthenga. Kenaka zinapitirira za madenga. Ankakambirana za mvula, za matenda a ana, za ulaliki wa Lamulungu, mpaka kukangana kumene. A Aroni anafunsa mafunso onse amene anawasunga zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amayi, amene tinkawayesa osalankhula, anapezeka kuti ali ndi mayankho.

Zinatero zaka zisanu ndi chimodzi. Dekhani anafa ndi ukalamba m'nyengo yokolola, ndipo a Aroni anamukwirira kuseri kwa nkhokwe ya amayi, pamalo a mkute paja. Pamudzi panagwa bata loipa. Amayi ankatuluka pakhonde, kutsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayesa kulankhula kwa Lipenga, koma iye anali atagontha, ankangochokapo. Ine ndinadzipereka kuti ndiyambirenso ntchito yanga yakale, onse awiri anandikana.

Sabata itatha, m'mawa wina a Aroni akusema mpini pabwalo, amayi anatuluka m'nyumba n'kuyenda molunjika kwa iwo. Alamu anga anadzuka kuti apatuke monga mwa masiku onse.

"Khalani pansi, Aroni," anatero amayi. "Ndakalamba ine, ndilibenso galu woti ndimutume. Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

A Aroni anakhala. Anakweza maso pang'onopang'ono, n'kuona nkhope ya apongozi awo koyamba patatha zaka khumi ndi zisanu. Anaika mpini pansi. Ine ndinali pamtondo, munsi uli m'mwamba, kudikira kuti ndimve mawu aakulu amene atuluke.

"Amayi," anatero, "munkathiramo chiyani mu mkute uja, kuti Dekhani azikana wa kunyumba kwanga?"

"Nsinjiro," anatero amayi. "Ndi kamchere pang'ono."

Ndipo onse awiri analira, akuyang'anana.