Anandimenya Chifukwa cha Mbatata Yowotcha

Anzanga, ndinakumana naye pa Kacholola, basi ya ku Chipata itaima. Ine ndinali ndi beseni langa la nthochi, kuthamangila pa mawindo monga mwa masiku onse.

"Nthochi, bambo, zakupsa bwino!"

Anatsika, wamtali, malaya omugwila pa chifuwa. Anaseka.

"Iyo ni shuga yekhayekha, sister. Kotapela muli nayo?"

Ndinathamangila kwa mnzanga Sophia kukatenga mapeyala. Bambo uja anadula limodzi pomwepo, nkuwaza mchele, nkudya ndi mtedza wauwisi wa m'thumba mwake. Basi isananyamuke, namba yanga inali kale mu foni mwake.

Dzina lake Eustace Kasonde, mphunzitsi wa masewela ku Petauke, kwao ku Kitwe. Atate ake anamwalila ndi matenda a shuga atadulidwa mwendo. Pondiuza zimenezi misozi inali mbwembwembwe, ndipo ine mtima unagwela pomwepo.

"Jennipher, nifuna tikakalambe tonse," anatelo. "Tiyambe low-carb."

Ndiye kuti nsima ayi, buledi ayi, mpunga, mbatata, shuga, zonse ayi. Chilichonse cha m'paketi, ayinso. Chakudya chathu chinali kabichi wamuwisi, nkhaka, matimati, mapeyala, mazila owilitsa, nsomba ya ku Luangwa yongowamba ndi mchele.

"Nanga ndine mbuzi ine?" ndinaseka.

Koma ndisaname, poyamba zinandiyanja. Thupi linapepuka, tulo ta masana tinatha, nkhope inasalala. Mapikicha a saladi aja ndinkaika pa intaneti, inu nkumaika ma love, ndi a nthawi imeneyo. Ndinasiya beseni langa nkusamukila kwa iye ku Petauke.

Mbama yoyamba inabwela chifukwa cha chitumbuwa. Anapeza pepala lamafuta m'chikwama changa. Phaa! Khutu linalila tsiku lonse.

"Ufuna ufe monga atate anga?"

Kenako anagwada, kulila, nkundidulila nkhaka m'mbale. Ndinati m'mtima, munthuyu amandikonda serious...

Kuyambila pamenepo ndikabwela ku msika ankandinunkhiza m'kamwa. Akakayikila, ankandikoka tsitsi mpaka pansi. Tsiku lina anandiswela kapu pamutu chifukwa mu tiyi munali kasupuni ka shuga. Sophia atafunsa za chilonda, ndinati ndinagunda chitseko.

Ndiye ndinatenga mimba.

Ndinkagwa chizungulile ngakhale posesa. Ku sikelo anesi anandiyang'ana m'maso nkupukusa mutu.

"Amai, zamasamba zanuzo n'zabwino, pitilizani. Koma muli awili tsopano. Idyani zamitundumitundu, ndi nsima yomwe."

Nditamuuza Eustace, anandifinya nsagwada mpaka mano anakukutana.

"M'nyumba mwanga mwana sakulila carbs. Wamva?"

Loweluka lina masana iye ali ku mpila ndi ana a sukulu, amai anga anafika kuchokela ku Luembe, kathumba ka mbatata pamutu. Atandiona anaika thumba pansi pang'onopang'ono.

"Mwanawe, wauma chonchi? A Kasonde sakupatsa chakudya?"

"Ni diet chabe, amama."

Anamasula thumba lija. Anakoleza mbaula pakhonde, nkukwilila mbatata m'makala. Fungo lija, anzanga... Anandisendela imodzi, ndinadya ndikulila, ikundiwotcha lilime.

Sindinamve geti likutseguka.

"Jennipher! N'chiyani icho?"

Anamenya mbaula ndi phazi. Makala anandimwazikila pa mwendo, chitenje chinayamba kufuka. Ndisanakuwe n'komwe anandigwila pakhosi, nkundikankhila zala m'kamwa.

"Sanza! Sanza zonse!"

Ndinamuluma. Chibakela chinandipeza pakamwa, ndinamva dzino likusweka.

"Apongozi, musiyeni, ali ndi pakati!" amai anakuwa, akumukoka malaya.

Anawakankha, amai anakagwela pa masitepe, mkono pansi. Ndinamva kuti thyoo! Ine ndinali chogona, ndikukwawila kwa iwo, pamene nsapato yake ya mpila inandipeza pamimba. Inandipezanso. Ndinaona mdima.

Anthu oyandikana nafe ndi amene anamugwila, azibambo atatu, iye akukuwabe kuti, "Nimuteteza! Simudziwa shuga imwe!"

Ndinatsitsimuka m'chipatala cha ku Minga, chitenje chili magazi okhaokha. Ndinagwila dzanja la anesi.

"Mwana wanga ali bwino?"

Anakhala pa bedi, nkundigwila phewa. Pomwepo ndinadziwa kuti mwana wanga wapita.

Eustace ali m'manja mwa apolisi, adikila khoti. Achibale ake andiimbila kuti ndikafafanize mlandu, ati ntchito imuthela, ati anachita chifukwa cha chikondi. Ndawauza kuti tikaonana pamaso pa woweluza.

Nkhaka ndi mapeyala ndimadyabe, zakudya sizinandilakwile. Amene anandilakwila ndi munthu amene ndinamukhulupilila mpaka kumupatsa ulamulilo pa m'mimba mwanga. Anzanga, munthu akayamba kukuopsezani pa chimene mwaika m'kamwa mwanu, ngakhale alile bwanji, tulukani miyendo ikadali yanu.

Pano ndili ku Luembe. Amai mkono uli m'chikhakha, chaka chino salima. Mailo ndinawapeza kuseli kwa nyumba akulila okha.

"Ndikanapanda kubwela ndi mbatata ija..." anatelo.

"Amama, si inu."

Anesi anandiuza kuti mwana wanga uja anali mtsikana. Ndinali nditamusankhila dzina loti Happiness.