Nkhanu ndi Ndodo ya Gofu

Panali mayi wina amene anzake ankamutchula kuti Nkhanu, chifukwa chilichonse chimene wagwira ankachipana ndi manja awiri. Kapu ya tiyi, manja awiri. Foni, manja awiri. Akakupatsa moni wa m'manja, unkachoka ukuwerenga zala ngati zonse zilipo.

Sanabadwe choncho. Kale ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lolemera. Tsiku lina akupukuta fumbi, mbale yagalasi ya abwana aakazi inamupulumuka n'kusweka. Dzuwa lisanapendeke anali ali kunja kwa geti, zovala m'jumbo, mwana m'manja, ntchito yatha, pogona palibe. Kuyambira pamenepo, chinthu cha eni ankachigwira ngati chikufuna kuthawa.

Inu amene mukuti zanu zinada, khalani pansi mumve.

Achemwali ake anamulandira m'kanyumba kawo ka chipinda chimodzi, n'kumupezera ntchito yotchetcha udzu pa bwalo la gofu, m'mphepete mmene makina safika. Lolemba lililonse bwalo likatsekedwa, antchito ankaloledwa kusewera ndi ndodo zakale za kalabu. Nkhanu anayamba ngati nthabwala, koma mphamvu anali nazo zoposa amuna ena.

Kenako kochi wa pabwalopo, bambo wachikulire wosachulutsa mawu, analengeza kuti pali malo amodzi ku sukulu yophunzitsa makochi a gofu ku mzinda wina, miyezi isanu ndi umodzi, zonse zaulere. Mayeso ake anali pakutha pa mwezi: mipira khumi, isanu ndi iwiri igwere pakati pa mbendera ziwiri. Nkhanu analembetsa.

Vuto linali limodzi. Mpira wake unkapita kutali ndithu, koma unkakhotera kumanja ngati woledzera wobwerera kubala. Wina unagwera m'dziwe, wina m'mitengo, wina pa denga la khitchini. Ophika ankati akamuona watola ndodo, amatseka mawindo n'kubisa mapoto.

Kochi anamufotokozera bwinobwino. Anati ndodo ikamafika pa mpira, mfundo za manja zimasuke, dzanja lamanja ligudubukire pamwamba pa lamanzere, kuti nkhope ya ndodo, mbali yomenyera ija, iyang'ane kutsogolo. Ukafinya, nkhopeyo imatsala ikuyang'ana kumanja, ndipo mpira umangomvera. Nkhanu ankagwedeza mutu kuti wamva, kenako n'kufinya kwambiri. Milungu iwiri inatha, chimene anapindula ndi matuza.

M'mawa wina kochi akudutsa m'mphepete mwa bwalo, anamupeza akutchetcha. Anaima. Mayi uja anali atagwira chitchetcho ndi dzanja limodzi, momasuka, akuimba nyimbo yosadziwika mutu wake. Dzanja linkatembenuka lokha, udzu n'kumagwa, chitchetcho n'kumakathera pamwamba pa phewa.

"Mayi, chitchetchochi n'cha ndani?"

"Changa, akochi. Ndinagula ndekha."

"Nanga ndodo mumamenyera ija?"

"Ija n'ja eni ake. Ikathyoka ndilowera kuti ine?"

Kochi anatembenuka. Anapita ku ofesi kwake n'kubwera ndi ndodo yake yakale, ya dzimbiri, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira.

"Iyi ndakupatsani. Ndi yanu. Mukafuna ithyoleni, mukafuna takasirani moto."

Lolemba lotsatira Nkhanu anaima pa mpira, napuma, namasula zala. Anamenya. Mpira unatsala pomwepo, koma ndodo inamupulumuka n'kuuluka ngati khwangwala mpaka kukagwera patali. Iye anauma thupi lonse, kudikira mawu aja amene anawamvapo kale. M'malo mwake anamva kochi akuseka mpaka kutsokomola.

"Ndodo yapita molunjika bwino kwambiri. Tsopano tiyese mpira."

Nkhanu anakaitola ndodoyo akuseka nayenso. Palibe anamuchotsa ntchito. Madzulo aliwonse akaweruka ankamenya zisonga za udzu kuseri kwa shedi, mpaka manja anazolowera kutembenuka okha. Ophika anayamba kusiya zenera limodzi lotsegula.

Tsiku la mayeso panali antchito asanu ndi anayi, mkazi ali yekha. Mipira yake iwiri yoyamba inathawira kumanja monga kale. Mantha anali atabwerera m'zala. Kapitawo wake, amene anabwera kudzangoonerera, anakuwa kuti asiye zamanyazi, angotchetcha basi. Wachitatu unagwa pakati. Wachinayi chimodzimodzi. Pomaliza kochi anawerenga isanu ndi itatu, ndipo womutsatira, mlonda wa pageti, anali ndi isanu ndi umodzi. Malo aja anali a Nkhanu.

Kunyumba achemwali sanaimbe m'manja. Anati munthu sasiya ntchito ili m'manja chifukwa cha masewera a anthu okhuta, ndipo kapitawo wanena kale kuti udzu sudikira munthu miyezi isanu ndi umodzi. Nkhanu anawasiya alankhule mpaka mpweya unawathera.

"Achemwali, udzu ndikaupeza kulikonse. Mwayi uwu sumera kawiri. Ndikupita."

Achemwali anang'ung'udza kuti mwanayo amusiye kwa iwo, asamusokoneze sukulu ndi misala ya amake.

Abale anga, amene munalakwitsa kamodzi n'kulangidwa ngati mwapha munthu, musalole mantha amenewo akuumitseni manja moyo wonse. Mudzagwetsanso zinthu, zimenezo n'zosakayikitsa. Katoleni, museke, muyeserenso. Mtima wokha ndiwo musautaye.

Loweruka masana chikwama chinali pa bedi, chodzaza mpaka zipi kukana. Achemwali anali ataunjikamo sopo, juzi yawo yatsopano ndi bulangete, uku akunenabe kuti ulendowu ndi wopanda nzeru. Kenako anachikhalira ndi thupi lawo lonse.

"Koka zipiyo iwe, basi ingakusiye."