Mbewa za Apulofesa Zimadya Mphesa

Pa dipatimenti yonse ya kafukufuku palibe amene amadziwa dzina lake lenileni. Onse amangoti Ankolo a Mbewa, ndipo iye amayankha. Zaka makumi awiri ndi zitatu akugwira ntchito m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kusintha utuchi m'timakola, kutsuka timabotolo ta madzi, kuika mbewa zoyera pa sikelo imodziimodzi. Mbewazo zili ndi makina oziziritsa mpweya. Iye kwawo zenera limatsekedwa ndi katoni.

Chaka chatha Apulofesa anayamba kafukufuku watsopano. Akuti m'makoko a mphesa, m'njere zake, ngakhale m'nthambi za mpesa zimene alimi amataya, muli zinthu zina zimene mwina zingafooketse khansa. Basi mbewa zinayamba kupatsidwa zotupa dala, kenako kumwetsedwa madzi ofiirira a ufa wa mphesa. Womwetsa wake? Ankolo, munthu woti mphesa anangoilawapo kamodzi, pa tsiku limene ina inagwa pansi.

Ndiye mwezi wachitatu akazi a Ankolo anapeza chotupa m'bere. Kuchipatala anapita kanayi. Ulendo woyamba makina anali atawonongeka, wachiwiri dokotala anali ku msonkhano, wachitatu fayilo inasowa, wachinayi anawauza kuti ndi khansa ndithu, abwerenso pakatha miyezi isanu. Ankolo anachita mantha, mantha enieni.

Munthu wosaba ngakhale sopo wa pantchito anayamba kutapa kaufa kaja ndi supuni, kukulunga m'pepala, kubisa m'sokosi. Kunyumba amasungunula m'kapu.

"Imwani, amayi. Nambala 14 ikupeza bwino ndi zomwezi."

"Nambala 14 ndiye ndani?"

"Mbewa."

"Ha! Bambo inu, ndakuberekerani ana anayi kuti mudzandiyerekeze ndi mbewa?" Koma amamwa, uku akukwinya nkhope.

Wakuba wosazolowera sachedwa kugwidwa. Tsiku lina kapepala kanaphulika m'sokosi, ndipo Ankolo anayenda khonde lonse akusiya mzere wofiirira mpaka pakhomo la ofesi ya Apulofesa. Mkuluyo atamva nkhani yonse anavula magalasi.

"Ankolo, mbewa ndi kanthu kokwana m'dzanja. Kuti mayi alandire mlingo wofanana, supuni yanuyo siingathandize. Komanso sitikudziwa ngati zimagwira ntchito pa munthu. Ufawu si mankhwala ayi, tikungofufuza. Musasiye kuchipatala."

"Nanga pa anthu mudzafika liti, bwana?"

"Zikayenda bwino, zaka khumi. Mwina kuposa."

Ankolo anayang'ana sokosi yawo, kenako anayang'ana bwana wawo.

"Ndiye ndili ndi pempho. Alembeni akazi anga ngati mbewa."

Apulofesa anayamba kuseka, koma anaona kuti akuseka okha.

"Sindikucheza, bwana. Mbewa ikangosiya kudya, mumathamangira kuno anthu asanu ovala makhoti oyera. Mumaigwira, mumaiyeza, mumaijambula tsiku lomwelo. Iwo aja miyezi yonseyi palibe dokotala wawagwirapo kawiri. Khola ndikonza ndekha. Sadya zambiri masiku ano."

"Malamulo salola, Ankolo," anatero Apulofesa motsitsa mawu. Anawakhululukira za ufa zija, n'kulonjeza kuti aimbira foni mnzawo wina wa kuchipatala, akangobwerako ku msonkhano.

Lachisanu la sabata yomweyo anayeza Nambala 14 n'kupeza kuti chotupa chake chachepa ndi theka. Kunali chisangalalo! Anthu ophunzira anakumbatirana, wina anathamanga kukagula keke, ndipo Ankolo anauzidwa kuti anyamule mbewayo m'manja ajambulidwe nayo, amwetulire. Anamwetulira, poti mbewayo anailera okha ndipo amaikonda.

Keke yawo sanadye. Anaikulunga bwinobwino n'kupita nayo kunyumba. Akazi awo anadzuka pang'onopang'ono pa bedi, anamva nkhani yonse, n'kunena kuti, "Mukaiuze kuti ndasangalala nayo." Ananyema kachidutswa kakang'ono, anakatafuna nthawi yaitali, koma kanakana kutsika.