Shamima ndi Dzina la Mlongo Wake

Pa ana onse amene ndinawaphunzitsa ku Namwera, ndikafuna kudzitama ndimatchula Shamima. Ena ndi anamwino, wina msilikali, koma wanga ine ndi ameneyu, woyenda khomo ndi khomo tabuleti ili m'chikwama, kufunsa kuti pakhomo pali anthu angati ndipo ena anapita kuti.

Kusukulu sanali wanzeru zoopsa ayi. Masamu ankamuzunguza mutu. Chake chinali makani pa choona: ukamuuza kuti anene zoti m'kalasi onse alipo pomwe wina wathawa, ankakuyang'ana ngati wamutuma kukaba nkhuku. Atalemba mayeso a folomu folo anagulitsako tomato ku Chiponde, mpaka kunabwera anthu a kafukufuku wa kuchulukana ndi kusamuka kwa anthu, akufuna odziwa Chiyao ndi Chichewa. Chiyambireni wapondaponda Chowe, Nkope ndi midzi ya m'malire. Akuti zimene amatolerazo zimathandiza boma kudziwa kofunika sukulu ndi chipatala. Ine ndimati bola azimva, poti kalasi yanga yomaliza ana ankakhala mpaka pakhonde.

Kwathu kuno mnyamata akangomera ndevu, mtima uli ku Joni. Yunus, mlongo wake wamkulu wa Shamima, anapitanso. Poyamba ankaimba foni, kenako zii. Zaka zitapitapo anthu anayamba kumutcha mtchona, ena n'kumanong'ona kuti mwina anamwalira, abale angomuchitira sadaka. Mayi ake, a Asiatu, mawu amenewo sankafuna kuwamva. Chigawo cha munda cha Yunus ankalima okha, ndipo aliyense wofunsa ankamuyankha kuti mwana ali paulendo.

Ndiye kafukufuku uja anafika m'mudzi mwathu momwe. Lamulo lake linali lakuti munthu amene wachoka kalekale salembedwa ngati wa pakhomo. Mtsikana woyamba amene anatumidwa kwa a Asiatu atafotokoza zimenezi, anamupirikitsa ndi tsache, akuti wabwera kudzawaphera mwana. Woyang'anira gululo anafuna kungolidumpha khomolo. Shamima anapempha kuti apite yekha, ngakhale kuti pa ntchitoyi munthu satumidwa kwawo.

Azimayi a pamjigo anamulangiza kuti angolemba Yunus ngati amagona m'nyumbamo, ndani angadziwe, kusiyana ndi kudana ndi amene anakubala. Shamima anangowathokoza. Ankadziwa mayi ake: akati choka, wachoka ndithu, ndipo Idi ikudzayo ukadyera kwina.

Ine nyumba yanga ndi yoyandikana ndi ya a Asiatu, ndipo chipumireni ntchito makutu anga anakula. M'mawa umenewo ndinali pakhonde. Shamima anaodira ngati mlendo, navula nsapato, nakhala pamkeka. Anadzitchula dzina, anafotokoza za kafukufuku, n'kupempha chilolezo kwa mayi ake omubala monga amachitira kwina konse. A Asiatu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kutchula a pakhomo: iwowo, adzukulu awiri, Yunus.

“Amayi, achimwene pamenepa sindiwalemba. Sagona muno.”

“Iwenso? Ndinakubereka kumsana iyeyo akundigwira nsalu, lero ukumufufuta?”

Ndinaona tsache lili pafupi. Shamima sanasunthe. Anawauza mofatsa kuti sakufufuta munthu, koma kuti pali gawo lina la amene ali kunja kwa dziko, ndipo mnzake uja sanapatsidwe mpata wofikako. A Asiatu anafunsa, akupotokola nsonga ya mpango.

“Kumeneko mumalembako akufa?”

“Ayi, amayi. Amoyo okhaokha.”

Basi, a Asiatu anamasuka. Anafotokoza chaka chimene Yunus anachoka, basi imene anakwera ku Mangochi, mzinda umene anaimbirako komaliza, ndi bulangete lolemera limene anatumiza. Zina mwa izo Shamima anali asanazimvepo, chifukwa pakhomopo dzinalo linkangotchulidwa pokangana. Atafunsa za ntchito imene akugwira panopa, mayiwo anati, pang'onopang'ono, sakudziwa. Aka kanali koyamba kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pawo.

Funso lomaliza linali lakuti kodi munthuyo akuyembekezeka kubwerera. Ine ndikudziwa zimene Shamima amaganiza pa nkhaniyi, anandiuzapo akulira kuti mlongo wake sadzamuonanso. Koma pa ntchito yawo salemba maganizo a wofunsa, amalemba yankho la wofunsidwa. Anawerenga funsolo monga linalembedwera.

“Abwera,” anatero a Asiatu.

Shamima anadina pa “inde”, n'kutembenuza tabuleti kuti mayi ake aone. Iwo kuwerenga sadziwa, koma anafunsa pamene pali dzinalo, naikapo chala. Atatero anandikuwira kuti, “Aphunzitsi, mwamva? Tsopano ndi boma lomwe likumudikira.”

Mwana amene ndinkamukalipira chifukwa cha masamu anali atawerenga anthu a pakhomo pa mayi ake osanama ngakhale pamodzi, ndipo anadya nkhomaliro pomwepo.