Kusefa Amayi a Chipani ku Chirimba

Akadzalemba mbiri ya sayansi m'dziko muno, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba. Pakadali pano lili pa pepala la amene anachotsedwa ku koleji m'chaka chachiwiri, ndipo masiku amenewo ndinkagona pabalaza kwa amalume ku Zingwangwa.

Amalumewo anali wapampando wa chipani m'dera lathu, zaka zija zipani zitangochuluka. Kunabwera nsalu makumi asanu, koma amayi olembetsa anaposa mazana awiri. Amalume anagulira mowa alembi a zipani zina ziwiri, n'kupeza makaundula awo, ndipo anandituma kuti kompyuta ikasefe: nsalu alandire okhawo amene sanalembetse kwina. Ananenetsa kuti wopezeka kwina, ngakhale wa m'nyumba mwawo, amange katundu. Anti, akazi awo, anali akutsuka ziwiya. Mbale imodzi inagwa.

Ndinanyamuka 8 koloko m'mawa, envulopu kukhwapa. Minibasi ya m'tauni inali K3. Pa Chitawira kondakitala anagwira ntchito yanga ndisanaigwire: pa anthu onse oima pa siteji ankatenga okhawo owonda ndiponso opanda dengu. Mayi wina wa dengu la tomato anamufunsa ngati anabadwa kwa munthu wowonda. Bambo amene ndinapanikizana nawo anafuna kudziwa za mu envulopu.

"Chitukuko," ndinatero, ndipo anandisunthira pang'ono mwaulemu.

M'tauni ndinadya chimanga chootcha cha K1, n'kukwera ya ku Chirimba, K4. Pa Chemusa chitseko chinatisiya, tinachibwerera.

Ndinafika cha m'ma 10 pa kafakitale ka misomali, pamene Tiyezge, mnzanga wa ku koleji amene iye anamaliza, anali mlembi. Abwana ake anali ku maliro, kompyuta ili phee. Kutayipa mayina kunatitengera maola awiri ndi botolo la zakumwa la K4. Tiyezge anati tiziona dzina limodzilimodzi, kufunsa, kusunga, kubwerera, mizere khumi ndi isanu ya malamulo opatsa kompyuta. Ine ndinakana. Kalasi yokhayo imene sindinagonemo inali ya zimenezi. Mzere umodzi unakwana: tenga dzina lililonse la m'kaundula wathu, ngati mulibe m'makaundula enawo.

Panatsala mayina atatu. Wina anamwalira chaka chatha, wina anabwerera ku Mozambiki, wachitatu anali agogo ena osamva amene ankaganiza kuti chipani chidakali chimodzi. Dzina la anti panalibe.

Ndinafewetsa lamulo: atuluke okhawo amene ali m'zipani zonse zitatu. Amayi makumi asanu ndi awiri anabwerera. Anti sanabwerere. Kwinako anali mpaka wachiwiri kwa wapampando wa amayi.

"Kompyuta sinama, achimwene," anatero Tiyezge.

Ndinamuuza kuti kompyuta sidya kwa anti. Ndinabwerera ku mzere woyamba uja n'kuwonjezera kumapeto kwake: kapena ngati ali mkazi wa amalume. Ubwino wa mzere umodzi ndi womwewo. Pa mizere khumi ndi isanu bodza limasowa poima, koma apa linalowa ngati wokwera wachisanu pampando wa anthu anayi.

Pobwerera mitengo inali yomweyo, chitseko ulendo uno atachimanga ndi lamba. Ndinafika 4 koloko. Amalume anawerenga pepalalo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Zingwangwa yense wandigulitsa," anatero. "Koma taonani, mayi. Makina achizungu akudziwani."

Anti anayankha kuti munthu wokhulupirika sadzitama. Nsalu imodzi inapita kwa agogo aja, zotsalazo amalume analamula kuti asunge anti, popeza panalibenso wina womudalira. Madzulo ake m'mbale mwanga munapezeka ntchafu ya nkhuku, chiwalo chimene ndinkangochimva kwa anthu.

Ndinaphunzira kuti kusefa n'kosavuta, chovuta n'kudziwa kumene ukagone ukatha kusefa. Sayansi yonseyi inandidyera K19.